Kalata kwa abusa ndi akulu a mipingo, kuchokera kwa mkhristu amene ali ndi autism

Kwa inu abusa, ansembe, akulu a mpingo, makatekisiti, aphunzitsi a kalasi ndi a Sande sukulu, komanso inu amene mumatsogolera mafelosipu ndi mapemphero a usiku,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Ndine mayi wa zaka 38, mkhristu wa mgonero, ndipo ndili ndi autism, kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka anthu ambiri. Mwana wanga woyamba, mnyamata wa zaka 14, nayenso ali nayo. Ine ndimayankhula bwinobwino, ndimagwira ntchito yowerengera ndalama, ndipo mutandiona pa benchi Lamulungu simungaganize kanthu. Mwana wangayo mawu amene amatchula tsiku lonse mukhoza kuwawerenga ndi zala. Ndasankha kulemba chifukwa ndikayima pamaso pa akuluakulu mawu amandithawa, koma ndikagwira cholembera amabwera mwadongosolo. Dzina la mpingo wanga sindilitchula. Ndimaukonda, ndipo zimene ndifotokoze pano ndakumana nazo m'malo opempherera osiyanasiyana.

Ndinali Fomu 2 pamene ndinapita kutsogolo koyamba. Kunali chitsitsimutso m'holo ya sukulu, kutabwera mlaliki wochokera kutauni ndi masipika awiri aakulu ndi kiyibodi. Anatiuza kuti titseke maso. Kenako anati, "Yesu wayima pakhomo la mtima wako, akugogoda. Ukumumva? Mutsegulire lero." Ine ndinatcheradi khutu. Ndinayika dzanja pachifuwa kuti mwina ndikumva kugogodako. Zimene zinandifika ndi kulira kwa sipika kumene kunkalasa m'makutu ngati singano, fungo la thukuta losakanikirana ndi mafuta odzola, ndi mnzanga wa pambali akusisima. Atsikana ena anagwa pansi. Ndinanyamuka n'kupita kutsogolo, chifukwa ndinkafunitsitsa kukhala wa Yesu ndipo anali atanena kuti wofuna abwere. Pemphero litatha, mtsikana wina wa Fomu 4 amene ankatitsogolera ananditengera pambali n'kundifunsa kuti, "Wamva bwanji mumtimamo?" Ndinayankha zoona zokhazokha: "Sindinamve kanthu. Mutu ndiye ukundipweteka." Anandiyang'ana mwachisoni n'kundiuza kuti mtima wanga ndi wouma, ndizisala kudya mpaka Mulungu auswe.

Pofika pomaliza Fomu 4 ndinali nditapita kutsogolo maulendo 5. Ulendo uliwonse ndinkabwerera ku hostelo ndili ndi mantha okulirapo. Ndinafika potsimikiza kuti Mulungu ali ndi anthu ake amene anawasankha, amene amalira akamva nyimbo, ndipo ine sindili m'kaundula ameneyo. Mtsikana uja sindimusungira kanthu kukhosi, ankangobwereza zimene anaphunzitsidwa. Amene anamuphunzitsa ndinu, kapena amene anakutsogolerani pa mipando mwakhalapoyo, ndipo n'chifukwa chake kalatayi ikubwera kwa inu.

Kutembenuka mtima kwanga kunachitika ndili ndi zaka 23, m'kachipinda ka lendi, nthawi ya dzinja, magetsi atazima. Ndinali nditaganiza zowerenga Uthenga Wabwino wa Yohane kuyambira vesi loyamba mpaka lomaliza osadumpha, pa kandulo, m'Buku Lopatulika limene agogo anandisiyira. Nditafika mutu 3 ndinakumana ndi Nikodemo. Yesu akumuuza za kubadwa mwatsopano, iye akufunsa ngati munthu wamkulu angalowenso m'mimba mwa amayi ake. Ndinayima pomwepo, chifukwa funso limenelo ndinalifunsapo ku Sande sukulu ndili wamng'ono, anzanga n'kundiseka, aphunzitsi n'kunena kuti ndikuchita mwano. Apa ndinaona mphunzitsi wamkulu wa Israyeli akufunsa funso langa lomwe lija, ndipo Yesu sanamuthamangitse. Anakhala naye usiku n'kumufotokozera. Ndinamutsata Nikodemo mpaka mutu 7, pamene akufunsa anzake ngati chilamulo chimaweruza munthu asanamumve, ndi mutu 19, pamene akubwera ndi mure ndi aloe kudzakonza mtembo wa Ambuye anthu ambiri atathawa. Palibe pamene palembedwa kuti anagwa pansi kapena anafuula. Tikungomuona akuyandikira pang'onopang'ono mpaka wafika pamtanda.

Ndinatenga kope la chikuto cholimba n'kuligawa mizere monga ndimachitira kuntchito. Mbali ina ndinkalemba zimene Yesu ananena za iye mwini, mbali ina zimene zikutanthauza ngati zili zoona, mbali yachitatu zimene ndiyenera kusintha. Zinanditengera masabata 3. Kumapeto kwa mutu 20, Yohane akunena kuti zimenezi zinalembedwa kuti tikhulupirire. Mawu akuti zinalembedwa anandimasula. Ndinazindikira kuti pali njira yofikira kwa Yesu imene imadutsa pa tsamba, ndipo anayitsegula ndi mtumwi. Ndinagwada pa simenti n'kunena kuti, "Ambuye, ndawerenga, ndakhulupirira, ndine wanu." Misozi sinatuluke. Ndinazimitsa kandulo n'kugona tulo tabwino, m'mawa mwake n'kukabweza ndalama ina imene ndinkadziwa kuti ndinayitenga mosayenera.

Nditakapereka umboni umenewu ku felosipu, unatha mphindi ziwiri. Anthu anangoti zii, kudikira kuti ndifike pamene panagwa moto. Wotsogolera anamwetulira n'kunena kuti, "Mlongo, chikhulupiriro cha m'mutu sichipulumutsa, chikuyenera kutsikira mumtima." Padutsa zaka 15 kuchokera tsiku limenelo. Ndadutsa m'maliro, m'matenda, m'ngongole ndi m'kunyozedwa chifukwa cha mwana wanga, ndipo chimene chinayamba pa kandulo paja sichinazime.

Baibulo lomwe mumatilalikiralo lili ndi anthu otembenuka mosiyanasiyana. Paulo anagwa pansi panjira ya ku Damasiko, inde. Koma mdindo wa ku Etiopiya anali m'galeta akuwerenga Yesaya, anafunsa funso lolunjika lakuti mneneri akunena za yani, Filipo anamuyankha, iye n'kupempha ubatizo. Za Lidiya timangomva kuti Ambuye anatsegula mtima wake pamene ankamvetsera. Ngakhale masiku athu ano zilipo. Daniel Tammet wa ku Britain, amene ali ndi autism ndipo mu 2004 anatchula pamtima manambala 22,514 a nambala ya masamu yotchedwa pi ku Oxford, analemba kuti anafika pa chikhristu kudzera m'kuwerenga ndi kusinkhasinkha zolemba za mlembi wachikhristu G. K. Chesterton. Lamar Hardwick anali kale mbusa ku America pamene madokotala anamuuza kuti ali ndi autism, ali ndi zaka 36. Ku yunivesite ya Aberdeen ku Scotland kuli malo ofufuzira za autism ndi maphunziro a zaumulungu, ndipo mmodzi mwa amene anawayambitsa, Grant Macaskill, ndi katswiri wa Chipangano Chatsopano amene nayenso ali ndi autism. Tilipo m'thupi la Khristu, ena mpaka pa guwa.

Ndikudziwa kuti mu 2012 ofufuza otsogozedwa ndi Ara Norenzayan wa ku University of British Columbia anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti anthu a autism amene anawafunsa ankakhulupirira Mulungu mocheperapo poyerekeza ndi anzawo. Sindikukana kuti pakati pathu pali osakhulupirira, monganso pakati pa anthu ena onse. Funso limene limandisautsa ndi lakuti, mwa iwo, ndi angati amene anafuna kulowa koma anauzidwa kuti mtima wawo ndi wouma, kapena anathawa phokoso, kapena anawagwira mwamphamvu kuwatulutsa chiwanda chimene analibe.

Mundilole ndifotokoze mwachidule chimene autism ili, chifukwa m'Chichewa tilibe dzina limodzi lokhazikika, ndipo mayina amene amalowa m'malomo ndi opweteka: wozerezeka, wopepera, chidzete, ndondocha. Autism ndi kakulidwe ka ubongo kosiyana ndi ka anthu ambiri, kamene munthu amabadwa nako n'kukhala nako moyo wake wonse. Imakhudza mmene timamvera phokoso, kuwala, fungo ndi kukhudzidwa, mmene timamvetsera mawu ndi nkhope za anthu, ndi mmene timafunira kuti zinthu ziziyenda mwa ndondomeko yodziwika. Dokotala Leo Kanner anayifotokoza mu 1943 mumzinda wa Baltimore atawona ana 11. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 100 ali nayo. Mukatenga chiwerengero chimenecho, mpingo wa anthu 500 uyenera kukhala ndi anthu ngati 5, ndipo ngati simukuwaona ndiye kuti ena atsekeredwa kunyumba. Mbali yaikulu imayenda m'magazi a banja. Katemera sayambitsa autism: kafukufuku wa mu 1998 amene anafalitsa bodza limenelo anachotsedwa m'magazini ya The Lancet mu 2010. Si tchimo la mayi, ndipo si bambo amene wakhwimira mwana kuti golosale iyende.

Ine palibe anandizindikira ndili mwana, chifukwa kwathu kuno mtsikana wosayang'ana akulu m'maso, wokhala phee pakona ndi buku, amatchedwa waulemu. Mavuto anayamba nditakula. Ndikatuluka m'tchalitchi osayima pa macheza, amati ndine wonyada. Pamaliro misozi ikachedwa, amati ndine wouma mtima. Ndikafunsa pa msonkhano wa amayi kuti ndalama zapita kuti popeza masamu sakugwirizana, amati ndilibe ulemu. Dzina la zimene ndili nazo ndinalidziwa pamene dokotala ankafunsa mafunso okhudza mwana wanga, ine n'kumapeza kuti mayankho ambiri akunena za ine ndemwe.

Tsopano za mwanayu, ndipo apa ndikupempha kuti muwerenge modekha.

Ali ndi zaka 6, achibale ena anamutenga ine ndili kuntchito n'kupita naye kwa munthu wina amene ankatchuka ndi kutulutsa ziwanda. Anachita zimenezo chifukwa chomukonda, ndipo anali atauzidwa kuti mwana wosayankhula wamangidwa lilime. Nditafika ndinapeza amuna 4 atamupanikiza pa mkeka, wina miyendo, awiri manja, wina mutu. Wopemphererayo anali ndi maikolofoni, akukuwira m'khutu mwake kuti, "Tuluka! Tchula dzina lako!" Mwana wanga, amene amatseka makutu ngakhale njinga yamoto ikamadutsa patali, anali akukuwa mpaka mawu anasasa, atadzikodzera. Anthu ankawomba m'manja kuti chiwanda chayamba kuonekera. Ndinadzigwetsa pamwamba pake n'kumukumbatira mpaka anamusiya. M'mikono munatsala mabala a zala. Kwa miyezi yambiri, akangomva mawu akuti "tiyeni tipemphere" ankathawira kunsi kwa bedi.

Ndikufuna mumvetse mmene msamphawu umagwirira. Mwana wa autism akachulukiridwa ndi phokoso, anthu ndi manja omugwira, thupi lake limafika posapirira. Amakuwa, amadzimenya, amaluma, amadzigwetsa. Wopemphererayo akaona zimenezo amati ndi umboni wa chiwanda, ndiye amakweza mawu, amawonjezera omugwira. Mwana amakuwa koposa. Mapeto ake amalefuka n'kungoti chete chifukwa mphamvu zatha, anthu n'kuimba kuti wamasulidwa. Chimene amachitcha chizindikiro cha chiwanda achipanga okha ndi manja awo. Mu Ogasiti 2003, mumzinda wa Milwaukee ku America, mnyamata wa zaka 8 wa autism anafa pa mapemphero otere, atamugwira manja ndi miyendo, wotsogolera atamutsamira pachifuwa mpaka kulephera kupuma. Khoti linamupeza wolakwa munthuyo chaka chotsatira. Pa mkeka uja panangotsala pang'ono kuti mwana wanga akhale nkhani yofanana nayo.

Sindikukuuzani kuti musiye kukhulupirira zimene Malembo amanena za mizimu yoipa. Ndikupempha kuti muletse poyera, pa guwa, m'mabwalo anu ndi m'malamulo anu, mchitidwe wogwira mwana mwamphamvu ndi kumukuwira m'dzina la pemphero. Ena mwa ana athu alinso ndi khunyu, ndipo amafunika mankhwala akuchipatala tsiku lililonse. Wowauza makolo kuti ataye mankhwalawo posonyeza chikhulupiriro akuyika moyo wa mwana pachiswe, ndipo ayenera kudzudzulidwa ndi inu, asanafike apolisi. Onani mmene Ambuye anachitira ndi munthu wogontha ndi wachibwibwi pa Marko 7. Choyamba anamuchotsa pagulu n'kupita naye payekha. Kenako anayankhula naye m'njira imene akanatha kumva, pomukhudza makutu ndi lilime ndi kuyang'ana kumwamba. Ndipo pa Yohane 9, ophunzira atafunsa kuti wachimwa ndani, munthu wobadwa wosaonayo kapena makolo ake, Yesu anakana zonse ziwiri. Funso limene Ambuye analitseka kalekale likufunsidwabe m'makonde a matchalitchi athu, ndipo kawirikawiri chala chimaloza mayi.

Zinatenga zaka ziwiri kuti mwana wanga alowenso m'tchalitchi. Amene anathandiza ndi gogo wina wosesa, amene ankatilola kulowa Loweruka madzulo mulibe anthu. Mwanayo ankayenda m'mbali mwa khoma akugwira mabenchi limodzilimodzi, n'kukakhala pa lomaliza pafupi ndi chitseko. Lero ndi pamene timakhala Lamulungu lililonse. Amavala zotseka m'makutu. Nyimbo ikayamba amagwedeza thupi kutsogolo ndi kumbuyo, akung'ung'udza, ndipo salakwitsa chuni ngakhale cha nyimbo imene anayimva kamodzi. Kunyumba sakhudza nsima tisanapemphere. Mlendo akayamba kutema mbamu, amamugwira dzanja n'kulibweza, n'kuweramitsa mutu kudikira. Usiku amatenga Buku Lopatulika lija n'kundiyika pamiyendo, ndipo ndikatsegula pena iye amatembenuza masamba mpaka pa Salimo 23. Agogo ake atamwalira sanalire. Anakakhala pafupi ndi bokosi usiku wonse akung'ung'udza nyimbo imene iwo ankakonda kumuimbira, mobwerezabwereza, mpaka amayi a m'nyumba ya siwa anayamba kumuthandiza. Tsiku la mgonero, mbale ikamadutsa pa benchi lathu, amakhala chete mwa mtundu wina, manja atawayika pamodzi, maso ali pa mkate. Ikatidutsa amandiyang'ana.

Sindinganene kuti ndikudziwa zonse za mumtima mwake, pakuti ngakhale za mumtima mwa mkulu wa mpingo wodziwa kuyankhula amazidziwa ndi Mulungu yekha. Koma ndakhala naye zaka 14, ndipo ndikuona munthu amene akupembedza.

Apa ndi pamene pali khomo lotseka. Kuti munthu alowe mgonero m'mipingo yathu yambiri, amayenera kuphunzira kalasi, kuloweza katekisimu, kenako kuyima pamaso pa akulu n'kuyankha mafunso pakamwa. Ine ndinakhoza mosavuta, chifukwa kuloweza ndi mphatso yanga. Ndikanakhoza ngakhale ndikanakhala wosakhulupirira n'komwe. Mwana wanga sangakhoze ngakhale atakhulupirira ndi mtima wake wonse. Mayeso amenewa amayesa pakamwa. Ndikudziwa chimene mumaopa, ndipo ndimachilemekeza: Paulo anachenjeza pa 1 Akorinto 11 kuti munthu adziyese asanadye, ndipo azindikire thupi la Ambuye. Ndikudziwanso Aroma 10, za kuvomereza ndi pakamwa. Koma munthu wogontha akavomereza ndi manja ambiri a inu mumamulandira, ndipo mumachita bwino. Mutu 12 wa kalata yomweyo ya Akorinto ukunena kuti ziwalo zooneka ngati zofooka ndi zofunika ndithu, ndipo Aroma 8 akunena kuti Mzimu amatipempherera ndi kubuula kosatheka kuneneka. Ngati Mzimu Woyera amapemphera popanda mawu, tisafulumire kunena kuti mwana wopanda mawu sakupemphera.

Kumbukirani Eli. Anali wansembe wokhwima pa ntchito, koma ataona Hana akugwedeza milomo mawu osamveka, anaganiza kuti waledzera. Analakwitsa chifukwa pemphero la mayiyo silinkaoneka monga mapemphero amene iye anazolowera. Chimene ndimamukondera Eli n'chakuti Hana atamufotokozera, sanaumirire. Anamudalitsa.

Ine si Mkatolika, koma ndawerenga mmene abale athu a Katolika analimbanirana ndi funsoli, ndipo muli nzeru zimene tonse tingatolepo. Mu 1910 Papa Pius X analamula kuti mwana asamadikire kudziwa chiphunzitso chonse, akhoza kulandira Ukaristia akatha kusiyanitsa mkate umenewu ndi mkate wamba. Mu 1995 maepiskopi a ku United States analemba malangizo okhudza anthu aulumali, ndipo ananena kuti kuzindikira kumeneku munthu akhoza kukuonetsa ndi kakhalidwe, ndi zizindikiro, ngakhale ndi kukhala chete mwaulemu, osati ndi mawu okha. Anawonjezera kuti pakakhala kukayika, mpingo upendekere kumbali yomulola. Papa Francis nayenso ananena kangapo kuti anthu aulumali asamakanizidwe masakramenti. Mipingo ina ili ndi ziphunzitso zake ndi mabwalo ake, ndipo sindikupempha kuti mukopere za eni. Ndikupempha kuti masinodi, madayosizi ndi mabungwe anu akhale pansi n'kulemba njira yomveka yoyesera munthu amene sayankhula kapena amayankhula movutika, kuti nkhaniyi isamadalire kukoma mtima kwa mbusa amene alipo chaka chimenecho. Lolani munthu ayankhe poloza zithunzi, polemba, pogwedeza mutu. Mufunseni m'chipinda chabata pali munthu mmodzi kapena awiri amene amawadziwa. Mverani umboni wa amene amakhala naye.

Zina zimene tikupempha sizifuna ndalama. Matchalitchi ambiri mwamanga njira zotsetsereka kuti njinga za anzathu aulumali zizilowa, ndipo tikuthokoza. Kwa ife, masitepe ovuta kukwera ndi sipika. Mnyamata wa pa makina akatsitsa pang'ono, akachotsa kulira kuja kwa maikolofoni, ndiye kuti mwatitsegulira chitseko, ndipo agogo ndi makanda adzapumanso. Tisiyireni benchi la kufupi ndi khomo, ndipo mwana akatuluka n'kubweranso, asamuyang'ane ngati wakuba. Adikoni ndi olandira alendo auzidwe kuti mwana wogwedeza thupi kapena wokupiza manja sakusewera, akudzikhazika mtima pansi kuti athe kukhala nanu. Musanayike dzanja pamutu pa munthu, mufunseni. Mukanena kuti aliyense atembenukire mnzake amukumbatire, onjezerani kuti wosafuna akhoza kungogwedeza mutu. Ngati mapemphero asintha dongosolo, lengezani poyamba, chifukwa ambiri a ife timapeza mtendere podziwa chimene chikubwera. N'chifukwa chake ine ndimakonda Pemphero la Ambuye ndi Chikhulupiriro cha Atumwi, mawu omwewo sabata ndi sabata. Wina anandiuzapo kuti kupemphera mawu omwewo ndi chipembedzo chakufa. Ambuye m'Getsemane anapemphera katatu akunena mawu omwewo.

Polalikira, mafanizo musawasiye, Chichewa chathu chimakoma ndi miyambi ndipo Yesu mwini ankaphunzitsa m'mafanizo. Kungoti mukanena kuti tisambe m'mwazi, kapena kuti diso likakuchimwitsa ulikolowole, onjezerani chiganizo chimodzi chomasulira. Pa benchi pakhoza kukhala mwana amene akutenga mawu anu monga momwe alili, ndipo akapita nawo kunyumba ali ndi mantha amene sangathe kuwafotokoza. Ine ndinakhala zaka zingapo ndikuopa kuti tsiku lina adzatisambitsadi m'magazi. Ndipo wina akafunsa funso lolunjika m'kalasi, lakuti Kaini anakwatira yani kapena chifukwa chiyani mavesi awiri akuoneka ngati akutsutsana, musathamangire kumutcha wotsutsa. Kwa ambiri a ife, kufunsa ndiyo njira yokondera Mulungu ndi nzeru zathu zonse.

Tipatseninso ntchito. Ndinapempha kwa zaka zambiri kuti ndizithandiza kuwerengera chopereka ndisanaloledwe, chifukwa ankati sindine womasuka ndi anthu. Chiyambireni, mabuku a chuma sanasowepo tambala. Mwana wanga amasonkhanitsa mabuku a nyimbo mapemphero akatha n'kuwasanja mwa manambala ake, ndipo tsiku limene wadwala anthu amaona kusiyana. Alipo ena amene angakhale alembi, oimba zida, osamala makina, ngakhale alaliki.

Pali cholakwika chinanso chimene chimavala nkhope ya chifundo. Ena akamuona mwana wanga amati, "Ameneyu ndi mngelo, alibe tchimo, musamuvutitse ndi za kalasi." Amanena mokoma mtima, koma mawu amenewa amamuchotsa pakati pa anthu monga momwe amachitira omutcha ndondocha. Mwana wanga ndi munthu. Amapsa mtima, amabisa zinthu za mng'ono wake mwadala, ndipo amadziwa akalakwa, chifukwa amabwera n'kudzatsamiritsa mutu paphewa la amene wamulakwirayo. Akufunika Uthenga Wabwino monga ine ndi inu. Akuyenera kuphunzitsidwa, kufunsidwa, ndi kupatsidwa mpata woti avomere kapena akane yekha. Malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 33, amapereka ufulu wa chipembedzo kwa munthu aliyense, ndipo gawo 20 limaletsa tsankho chifukwa cha ulumali. Dziko la Malawi linavomerezanso pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009. Koma sindikufuna kuti boma lichite kutikumbutsa zimene zili kale m'Buku lathu.

Inu amene mumaphunzitsa abusa ndi ansembe ku Zomba, ku Nkhoma, ku Ekwendeni, ku Kachebere ndi m'masukulu ena a Baibulo, pezani maola ochepa pa maphunziro a ubusa oti ophunzira amve za autism. Itanani aphunzitsi amene anaphunzira za ana ofunika chithandizo chapadera ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, itanani achipatala, itanani makolo, ndipo koposa zonse itanani ife eni ake. Pa 2 Epulo chaka chilichonse ndi tsiku limene United Nations inakhazikitsa mu 2007 lokumbukira za autism. Lamulungu loyandikana nalo mukhoza kupereka mphindi 10 kwa munthu wa autism kapena kholo lake. Ngati sangathe kuyima kutsogolo, alembe, wina awerenge.

Mwana wanga wayamba kalasi chaka chino. Amakhala kumbuyo ndi zotseka m'makutu zake, ndipo ine ndimajambula phunziro lililonse pa makadi: mtanda, manda otseguka, mkate, chikho. Sabata yatha mphunzitsi anafunsa kalasi yonse kuti ndani anatifera. Ana anayankha pamodzi. Iye anatenga khadi la mtanda n'kupita nalo kutsogolo, n'kukaliyika m'manja mwa mphunzitsiyo. Nditapita kwa mkulu wa mpingo wa dera lathu kukafunsa kuti nanga tsiku la mayeso zidzatha bwanji, anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mayi, ine zimenezi sindizidziwa. Koma ndibwera kwanu Lachinayi madzulo, ndidzakhale nawo pa mapemphero anu, ndidzamuone ndekha." Ndawauza kuti asadzagogode mwamphamvu, ndiponso kuti mwanayo akadzapanda kuwapatsa moni asadzakhumudwe. Ndawakonzera mpando pafupi ndi zenera, pamene adzathe kumuona bwino akamatsegula Salimo 23.

Ndagwira mwendo wanu, abusa ndi akuluakulu nonse: m'dera lanu muli nyumba ngati yathuyi. Funsani amayi a mpingo, akuidziwa. Pitaniko.

Ine mwana wanu mwa Ambuye,
Mayi wa pa benchi lomaliza, pafupi ndi chitseko